Kwa Achimwene a ku Kawale: Sewero la za ku Chilobwe

Zikomo achimwene a ku Kawale chifukwa cha kalata yanu. Mwati gulu lanu la zisudzo likukonza sewero la kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, ndipo mukufunsa ngati n'koyenera kutchula amene ankatuma zigawengazo.

Tiyambe ndi zodziwika. Kuyambira 1968 mpaka 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Walla Laini Kawisa anagwidwa, anavomera, ndipo khoti linagamula kuti aphedwe. Koma ambiri sanakhutire kuti munthu mmodzi akanachita zonsezo yekha. Mphekesera zinali ponseponse zoti boma likutumiza magazi ku South Africa pobweza ngongole, ndipo nduna Gomile Kumtumanji anamangidwa pa nkhani yomweyo.

Ku London nakonso ali ndi nkhani yawo yotere, ya Jack the Ripper, chigawenga chosadziwika chimene chinapha amayi mu 1888. Buku la From Hell linaloza chala William Gull, dokotala wa mfumukazi, popanda umboni, ndipo ena mpaka lero amakhulupirira. Nanga amayi ophedwawo, ndi angati amawakumbuka mayina? Zimenezi zimandipweteka mtima.

Ine ndikuti musatchule dzina limene khoti silinatchule, chifukwa abale a munthuyo alipo. Tionetseni mayi akutchingira chitseko ndi mtondo, bambo atakhala tsonga nkhwangwa ili m'manja, ana atagona osavula. Kafunseni agogo a ku Biwi kapena ku Mgona amene ankagwira ntchito ku Blantyre zaka zimenezo. Tsiku la sewerolo mudzatiuze, tidzalilengeza.