Injini Nayo Imapuma: Mafunso ndi Mayankho pa za Mpweya, Nyengo ndi Liwiro Kugombe la Salima

Mawu oyamba

Masana ena a Okutobala ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay. Mnyamata wakabazayo anadandaula njira yonse: "Achimwene, petulo wa m'zigubuyu atiphera njinga. M'mawa imachita kuuluka iyi, pano ikungolira basi." Ndinamufunsa ngati anathira mafuta ena masanawo. Anati ayi, ndi omwe aja anagula m'bandakucha. Ngati mafuta anali omwewo ndipo njinga inali yomweyo, ndiye chinasintha n'chiyani? Kabuku kano kakuyankha funso limenelo.

1. Kodi mpweya ukukhudzana bwanji ndi mphamvu ya injini?

Mayi aliyense wophikira pa mbaula amadziwa kuti makala sayaka bwino popanda kukupiza. Injini nayo ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Mu mpweyamo, choyatsa moto ndi okosijeni, yemwe ndi magawo 21 pa 100 alionse. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wodzadza silinda, osapitirira pamenepo. Mpweyawo ukakhala wothinana, mumalowa okosijeni wambiri ndipo motowo umakankha mwamphamvu. Ukakhala wopepuka, silinda imadzadza ndithu, koma ngati thumba la thonje m'malo mwa thumba la chimanga.

2. Mpweya n'kulemera? Zoona zimenezo?

Eya. Tangoganizani bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu womwe. Pagombe la nyanja yamchere, monga ku Beira, kukamatentha madigiri 15, mpweya wodzadza bokosilo umalemera pafupifupi makilogalamu 1.2. Mukamakwera kumtunda umapepukirapepukira, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera.

Apa anthu akunyanja tili ndi mwayi. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe ali pa 1,050, pamene Dedza ali cha m'ma 1,600. Minibasi yochoka ku Salima mu msewu wa M14 imakumana ndi mavuto awiri nthawi imodzi ikamakwera mapiri a ku Mvera: chitunda chikuikoka kumbuyo, mpweya nawo ukuchepa. Yodzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere ndiye imaona zakuda.

3. Ngati Salima ali pansi chonchi, bwanji njinga imafooka masana?

Chifukwa cha kutentha. Mpweya ukatenthedwa umatambasuka, ndipo pa madigiri atatu alionse owonjezera umapepuka ndi gawo limodzi pa 100. M'mawa wa Julayi kunyanja kuno kumatha kuzizira mpaka madigiri 15. Masana a Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, 35 sichachilendo. Kusiyana kumeneku kumachotsa magawo 6 kapena 7 pa 100 a mpweya wolowa mu injini. Kunena mwachidule, njinga ya pa Kamuzu Road masana a Okutobala imapuma ngati yakwera kale ku Lilongwe m'mawa wozizira, chonsecho sinasunthe pa siteji.

4. Nanga chinyezi cha kunyanja sichithandiza? Pajatu mpweya wake umamveka wolemera.

Umamveka wolemera pakhungu chabe, chifukwa thukuta siliuma. Zoona zake n'zoti nthunzi ya madzi ndi yopepuka kuposa mpweya wouma, ndipo ikalowa mu silinda imalanda malo a okosijeni. Choncho tsiku loipitsitsa kwa injini ndi lija la Disembala kapena Januwale, dzuwa likuswa mtengo, mitambo ikusonkhana cha ku Chipoka, malaya akumata pamsana. Tsiku labwino ndi m'mawa wouma ndi wozizira wa Juni kapena Julayi.

5. Kodi alipo anthu amene amayeza zimenezi mwadongosolo?

Alipo, ndipo akatswiri ake ndi a mpikisano wa drag racing. Galimoto ziwiri zimaima pamzere umodzi n'kuthamanga molunjika mtunda wa mamita 402. Ku America, galimoto zaukali kwambiri za Top Fuel zinachepetseredwa mtunda kufika pa mamita 305 mu 2008, woyendetsa galimoto za mpikisano Scott Kalitta atamwalira pa ngozi, komabe zimadutsa liwiro la makilomita 500 pa ola pasanathe masekondi anayi. Pa mpikisano wotere munthu amaluza ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi, n'chifukwa chake gulu lililonse limayenda ndi zida zoyezera kutentha, chinyezi ndi kupanikiza kwa mpweya. Zitatuzi amaziphatikiza n'kupeza nambala imodzi yowauza kuti injini "ikuona ngati" ili pamtunda wa mamita angati, kenaka n'kusintha kuchuluka kwa mafuta.

Abale athu a ku Joni angaone zimenezi pa bwalo la Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp. Dera la Johannesburg lili pa mamita opitirira 1,600, ndipo galimoto yopanda turbo imakhala yofooka kumeneko kusiyana ndi ku Durban, kugombe. Ku Colorado, bwalo la Bandimere, lomwe linatsekedwa mu 2023, linkadziwika ndi vuto lomweli. N'zoona kuti mpweya wopepuka sutchinga galimoto kwambiri ikamathamanga, koma pa mtunda waufupi chonchi phindu limenelo silibweza mphamvu zomwe injini yataya.

6. Nanga mphepo ndi phula?

Msodzi wa usipa safunika kuuzidwa za mphepo. Mwera, wochokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, umabweretsa mpweya wabwino kwa injini, koma bwato lolunjika komwe ukuchokera limalimbana ndi mafunde mpaka mafuta kuthera panjira. Mphamvu yomwe nyengo yapereka ndi dzanja lamanja, yalanda ndi lamanzere. Pa msewu ndi chimodzimodzi: liwiro likawirikiza kawiri, mphepo yokutchingani imawirikiza kanayi. Phula nalo lili ndi khalidwe lake. Lozizira kwambiri siligwira tayala, lotenthetsa limaterera ngati lapakidwa mafuta.

7. Kodi galimoto zamakono sizinathane nalo vutoli?

Pang'ono chabe. Sienta kapena Probox ili ndi kompyuta yoyeza mpweya n'kuchepetsa petulo moyenera, motero siitsamwa ndi mafuta. Koma kompyuta siingalenge okosijeni. Turbo ndiye imathandiza kwenikweni, chifukwa imakankhira mpweya mu silinda mokakamiza. Njinga zambiri za kabaza ndi injini za mabwato zimayendera kabuleta, yemwe sadziwa kuti kunja kwatentha. Mpweya ukachepa iye amangothira mafuta monga mwa masiku onse, ndipo zotsatira zake ndi utsi wakuda, pulagi yamwaye ndi petulo wosachedwa kutha.

8. Ndiye ndichite chiyani injini ikafooka?

Musathamangire kupotokola kabuleta. Yambani mwatsuka sefa ya mpweya, pakuti fumbi ndi mchenga wa kunyanja zimaitseka msanga. Onani mtundu wa pulagi: yabwino imakhala yofiirira, osati yakuda bii. Katundu wolemera, monga matumba a mpunga wa ku Lifuwu, nyamukani naye m'mawa kukadali kozizira. Ndipo msewu wa ku Senga Bay, womwe muli ana asukulu, mbuzi ndi njinga zakapalasa, si bwalo la Tarlton. Liwiro loyesera injini lilibe malo pamenepo.

Mnyamata wakabaza uja ndinamuuza kuti asakhuthule thanki, adikire tambala woyamba ayeserenso ndi petulo yemweyo. Ikadzauluka, wogulitsa mafuta alibe mlandu, ndipo ndalama ya makaniko agulire ndiwo.