Phunziro la Sayansi: Mmene Eyakoni Imaziziritsira Mipando Yakumbuyo

Kuchipatala akatipaka sipiriti tisanabayidwe jakisoni, pamkono pamazizira. Sipiritiyo akamasanduka nthunzi amachotsa kutentha pakhungu lathu. Mfundo yomweyi, imene timaphunzira m'Fizikisi, ndiyo imaziziritsa m'galimoto.

M'galimoto zazitali monga Toyota HiAce ndi Noah, mphepo yozizira yakutsogolo siifika bwino kumbuyo. N'chifukwa chake zambiri zili ndi evaporator yachiwiri, kudenga kapena m'mbali chakumbuyo. Evaporator imafanana ndi rediyeta yaying'ono ya timapaipi ta aluminiyamu.

Ulendo wa gasi umayambira pa kompulesa, yomwe imazunguzidwa ndi lamba wa injini. Kompulesa imapanikiza gasi, ndipo amatentha. Akafika mu condenser, kutsogolo kwa rediyeta, amataya kutenthako n'kusanduka madzi. Madziwo amagawikana: ena amapita ku evaporator yakutsogolo, ena amatsata mapaipi aatali apansi pa galimoto mpaka kumbuyo. Kumeneko amadutsa pa kavalavu kopanikiza, n'kulowa mu evaporator momwe mphamvu yopanikiza ndi yochepa, ndipo amawira. Gasi wa R-134a, amene ali m'galimoto zambiri, amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro akakhala osapanikizidwa. Powira amayamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikukankha, ndipo okwera amalandira mphepo yozizira. Chinyezi cha mumpweyawo chimasanduka madontho amene amatuluka panja kudzera m'kapaipi kotayira madzi.

Zizindikiro zimatiuza pamene pali vuto. Ngati kumbuyo sikukutuluka mphepo, tiyambe taona fyuzi, switchi ndi fani. Mphepo ikamatuluka koma yofunda pamene kutsogolo kukuzizira, nthawi zambiri kavalavu kaja katsekeka. Kapeti ikanyowa n'kumamveka fungo la chuku, kapaipi kotayira madzi kadzaza fumbi. Mbali zonse zikasiya kuzizira, tikayikire kudontha, chifukwa kutsogolo ndi kumbuyo zimagwiritsa ntchito gasi mmodzi.

Makolo athu, apa ndi pamene ndalama zimatayika. Gasi satha ngati petulo, amangozungulira. Akachepa ndiye kuti pena paboola, kawirikawiri pa mapaipi apansi aja amene amagundidwa ndi miyala ndi kudyeka ndi matope. Kuthira wina osatseka bowolo kuli ngati kutunga madzi m'ndowa yobooka.

Makaniko wodziwa ntchito amafufuza kaye podontha pogwiritsa ntchito nayitirojeni kapena utoto wowala pa nyali ya UV. Amakokera gasi wotsala m'makina m'malo momutayira mumlengalenga, pakuti gasiyu amawonjezera kutentha kwa dziko. Kenako amasintha chowonongekacho, timalabala ta polumikizira ndi kachitini koyamwa chinyezi. Amachotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu kwa mphindi pafupifupi 30, n'kuthira gasi pomuyeza pa sikelo molingana ndi chomata cha pafupi ndi injini. Galimoto ya ma evaporator awiri imafuna gasi wochuluka kuposa ya imodzi.

Ifeyo tingathandize posatseka molowera mpweya ndi katundu, komanso poyatsa eyakoni yakumbuyo mphindi zingapo sabata iliyonse, ngakhale mu Juni, kuti mafuta a kompulesa aziyenda. Ophunzira, musamasule paipi iliyonse: gasiyu amawaula khungu ndi kuzizira ndipo angawononge maso.

Funso lokambirana m'kalasi: n'chifukwa chiyani madzi a mumtsuko wadothi amazizira kuposa a m'chigubu?