PHUNZIRO LA NCHITO ZA CHIFUNDO: TATA VASCO NDI ENI DZIKO A KU MEXICO

Pa katekisimu tonse tidaphunzira nchito 7 za chifundo zothandiza thupi: kudyetsa anjala, kumwetsa aludzu, kuveka ausiwa, kulandira alendo, kuzonda odwala, kuyendera a m'ndende ndi kuika maliro. Kuzichula pa mtima nkosavuta, ngakhale ana ang'ono amatha. Koma munthu wanjala amene tamdyetsa lero, mawa adzadya kwa yani? Ndipo akakhala mtundu wonse wa anthu umene walandidwa minda ndi ufulu, tiuthandiza bwanji? M'phunziro lino tiona m'mene episkopi wina wa ku Mexico, Ambuye Vasco de Quiroga, adayankhira funso limeneli. Yankho lake nali: chifundo chenicheni chimamdzutsa mmphawi kuti aime yekha, kufikira iyenso atha kuchitira anzake chifundo.

TSOKA LA ENI DZIKO

Dziko la Mexico lili ku America, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic. Anthu a ku Spain adagonjetsa mzinda wake waukulu m'chaka cha 1521, ndipo eni dziko, amene makolo ao adakhala kumeneko chikhalire, adasanduka akapolo pa nthaka yao yomwe. Midzi yathunthu inkaperekedwa kwa Mzungu mmodzi kuti izimgwirira nchito ndi kumpatsa msonkho, monga thangata amene makolo athu adamuona pa minda ya Azungu, koma woopsa koposa. Ena ankasindikizidwa chizindikiro pa nkhope ndi chitsulo chamoto, natumizidwa ku migodi. Nthomba, imene inali yachilendo kumeneko, idapha anthu osawerengeka.

Ku dera la Michoacán, kuzambwe kwa mzinda wa Mexico, kuli mtundu wochedwa Purépecha. M'chaka cha 1530 mkulu wankhanza, Nuño de Guzmán, adazunza ndi kupha mfumu yao, ndipo anthu ambiri adathawira ku mapiri. Choipitsitsa nchakuti ochita zonsezi anali anthu obatizidwa. Kodi munthu angakhulupirire bwanji Mthenga Wabwino pamene mwini chikoti wavala mtanda pa khosi?

WOWERUZA ASANDUKA BAMBO WA AMPHAWI

Vasco de Quiroga adabadwira ku Spain, naphunzira za malamulo. Adafika ku Mexico mu 1531 ali munthu wachikulire, wosakhala wansembe ai, koma mmodzi wa oweruza amene Mfumu ya Spain idatuma kukakonza zoipa zija. M'misika adaona ana amasiye akutola zakudya zotsalira kwa agalu ndi nkhumba, ndipo mtima wake sudapeze mtendere. Ndi malipiro ake adagula malo pafupi ndi mzinda wa Mexico, namangapo mudzi mu 1532, nauchula Santa Fe, ndiye kuti Chikhulupiriro Choyera. Mu 1533 adapita kwa Apurépecha, nawaitana kuti atsike ku mapiri, namanga mudzi wachiwiri, Santa Fe de la Laguna, m'mbali mwa nyanja ya Pátzcuaro.

Sadalekere pomwepo. Mu 1535 adalemba kalata yaitali yotsutsa lamulo lolola kugwira eni dziko ukapolo. Apa tiphunzirepo kanthu: sikokwanira kumanga bala pamene wolasa akali ndi uta m'manja. Chifundo ndi chilungamo nzapachibale. Papa Paulo III nayenso adalengeza mu 1537 kuti eni dziko a ku America ndi anthu enieni, otha kulandira chikhulupiriro, ndipo nkosaloledwa kuwalanda ufulu kapena chuma chao.

Poona nchito zake, akulu adamsankha kuti akhale episkopi woyamba kukhala pa mpando wa Michoacán. Adalandira unsembe, nadzozedwa uepiskopi mu 1538. Anthu adamucha Tata Vasco, ndipo m'chinenero chao liwu lakuti tata lifanana ndi lathu lakuti tate.

MUDZI WA CHIFUNDO UNKAYENDA BWANJI?

Iye ankaicha midzi imeneyi zipatala, koma tisaganize za nyumba ya odwala yokha. Masiku amenewo chipatala chinali malo olandira aliyense wosowa pogwira: mlendo, wamasiye, nkhalamba, wolumala ndi khanda lotayidwa. Maganizo ena adawatenga m'buku lochedwa Utopia, limene Thomas More Woyera adasindikiza mu 1516, koma gwero lenileni linali moyo wa Akristu oyamba a ku Yerusalemu, amene ankagawana zinthu kotero kuti panalibe wosowa pakati pao. Mwa malamulo amene adawalembera, taonani awa:

1. Munda waukulu unali wa mudzi wonse, ndipo panalibe wololedwa kuugulitsa. Banja lililonse linalinso ndi dimba lake pafupi ndi nyumba.

2. Aliyense wamphamvu ankagwira nchito ya mudzi maola 6 pa tsiku. Nthawi yotsala inali ya mapemphero, maphunziro, nchito za pa khomo ndi kupumula.

3. Munthu aliyense ankaphunzira ulimi, ndi luso linanso pambali, monga kuomba nsalu, kumanga nyumba, kupala matabwa kapena kusula zitsulo. Ana a sukulu ankapita ku munda masiku 2 pa mlungu pamodzi ndi mphunzitsi wao.

4. Zokolola zinkagawidwa monga mwa kusowa kwa banja lililonse, ndipo zotsala zinali za amasiye, odwala ndi okalamba. Ankabzala zoposa zimene akadadya chaka chimenecho, nasunga m'nkhokwe kuopa chilala, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

5. Wansembe ankayang'anira za mzimu, koma mkulu wa mudzi ndi aphungu ake anali eni dziko, osankhidwa ndi eni mabanja. Milandu ankayamba aiweruza okha mwaubale asanapite nayo ku bwalo la boma.

6. Ndalama za mudzi zinkasungidwa m'bokosi la makiyi 3: kiyi wina kwa wansembe, wina kwa mkulu wa mudzi, wina kwa phungu wamkulu. Motero panalibe munthu wotha kulitsekula ali yekha.

7. Odwala nthenda zopatsirana anali ndi chipinda chaochao, kuti asapatsire anzao.

Atakhala episkopi, pamodzi ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera ndi cha Augustino Woyera adafalitsa zipatala zazing'ono m'midzi yambiri ya dayosizi yake. Chilichonse chinali ndi kachalichi ka Amai Maria Virigo, ndipo mabanja a m'mudzimo ankasinthana mlungu ndi mlungu kuphikira ndi kusamala odwala. Taonani nzeru yake: aja amene dzulo anali opemphetsa, lero ndiwo akudyetsa anzao. Mu 1540 adatsekulanso sukulu ya San Nicolás ku Pátzcuaro yophunzitsa ofuna unsembe.

Anthu a kumeneko amasimba kuti Tata Vasco ndiye adalimbikitsa mudzi uliwonse kugwiritsa luso limodzi, kuti midzi isalimbirane msika koma izigulana. Luso lambiri adalipeza lilipo kale, pakuti Apurépecha ankadziwa kusula mkuwa ndi kuumba mbiya Azungu asanafike; iye adangolilemekeza ndi kulikuza. Mpaka lero mudzi wa Santa Clara del Cobre ngwochuka ndi ziwiya za mkuwa, Paracho ndi magitala, Tzintzuntzan ndi mbiya.

Adamwalira mu 1565, ndipo mafupa ake ali m'chalichi chachikulu cha Amai Maria ku Pátzcuaro. Mudzi wa Santa Fe de la Laguna ulipobe, ndipo Apurépecha akukhalamo. Papa Fransisko, pochita Misa ku Morelia mu 2016, adagwira ndodo ya uepiskopi ya Tata Vasco; ndipo mu 2020 adavomereza kuti munthuyu adaonetsa makhalidwe a Chikristu mopambana, limene lili khwerero la pa njira yomuchula Wodala.

CHENJEZO

Tisaganize kuti zonse zidayenda bwino. Midzi iwiri ija inali ngati dontho m'nyanja ya masautso, ndipo eni dziko ambiri a ku America akali osauka kufikira lero. Tata Vasco yemwe anali munthu wa nthawi yake: nthawi zina ankawaona eni dziko ngati ana ofunika kuumbidwa. Ndipo si Akristu onse amene adatsata chitsanzo chake. Nchifukwa chake Papa Fransisko, ali ku Bolivia mu 2015, adapepesa chifukwa cha machimo amene adachitikira eni dziko pa nthawi yogonjetsa America. Eklezia lero atiphunzitsa kuti tisanamthandize mmphawi tiyambe tamumva, ndi kulemekeza chinenero chake, nthaka yake ndi nzeru za makolo ake.

TITENGEPO CHIYANI IFE?

Mwina wina anena kuti: Ife tomwe ndife amphawi, za ku Mexico zitikhudza bwanji? Abale anga, amene ankasamala odwala m'zipatala zija sanali olemera ai. Anali alimi ndi asodzi monga ife. Mutu umodzi susenza denga, koma mabanja 20 atasinthana, nkhalamba ya m'mudzi mwanu singagone ndi njala kapena m'nyumba yodontha.

Choyamba, wanjala adye lero. Tisamuuze kuti adikire maphunziro. Koma chachiwiri, tifunse chimene chamgwetsa: kodi ndi matenda, kusowa mbeu, kapena abale adalanda munda wa mai wamasiye? Kumene kuli kulanda, Mkristu asakhale chete. Chachitatu, tifunefune luso limene munthuyo ali nalo kale, timpatse khasu, mbeu kapena chipangizo, ndipo akadzuka timpatse nayenso gawo lake pa nchito yothandiza ena. Palibe mmphawi wosowa kanthu kopereka. Chachinai, chuma cha amphawi chisungidwe poyera. Inu akulu a mpingo, ndi inu a mabungwe a chifundo, kumbukirani bokosi la makiyi 3. Thumba losunga munthu mmodzi limabala manong'onong'o, ndipo manong'onong'o amapha chopereka.

Ambuye Yezu adatiuza m'mutu 25 wa Mthenga wa Mateyo Woyera kuti pa tsiku lomaliza tidzaweruzidwa poona m'mene tidawachitira anjala, alendo, ausiwa ndi odwala, pakuti mwa iwo ndi Iye mwini amene timamtumikira kapena kumkana. Tsono ngati mmphawi ndi Kristu, sitingamponyere zotsala ngati galu. Tiyenera kumlandira ndi manja awiri.

MAFUNSO

Aphunzitsi awerenge phunziroli pamaso pa Akristu Lamulungu atatha mapemphero, ndipo akambirane mafunso awa:

1. Chifukwa ninji Apurépecha adathawira ku mapiri, ndipo chidawabweza nchiyani?

2. Chulani malamulo 3 a mudzi wa Santa Fe amene angathandize mpingo wathu.

3. Chifundo ndi chilungamo zigwirizana bwanji?

4. Ndani m'mudzi mwathu amene alibe womsamala? Ndi mabanja ati amene ayambe kusinthana mlungu uno?

5. Thumba la amphawi pa chalichi chathu asunga ndani, ndipo amaliwerenga pamaso pa yani?

Musabalalike musanayankhe funso la 4 ndi kulemba maina. Mulungu, Atate a amasiye ndi Mtetezi wa osauka, atipatse chaulere chake kuti chikhulupiriro chathu chioneke ndi nchito.