Phunziro: Mwana Akamakana Chakudya Komanso Kubwerezabwereza Zochita

Amayi anzanga, kuno kwathu mtsikana akayamba kuwonda timafulumira kuganiza za chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV, ndipo ena amanong'onezana za ufiti. Kukayezetsa matenda awiriwo n'koyenera. Koma akapezeka kuti alibe, iye n'kumawondabe, nsima ili pamaso pake koma osaikhudza, tikumbukire matenda otchedwa anorexia nervosa. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku England, William Gull, mu 1873. Wodwalayo amaopa kunenepa, moti amadziona wonenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka. Msambo umaima, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, mtima umagunda mochedwa. Matendawa amapha.

Kawirikawiri anorexia imabwera pamodzi ndi matenda ena, OCD. Wodwala OCD amavutika ndi maganizo amene sakuwafuna, monga akuti m'manja mwake muli tizilombo, ndipo amachita chinthu chimodzi mobwerezabwereza kuti mantha atsike: kusamba m'manja mpaka khungu kung'aluka, kubwerera kangapo kukaona ngati chitseko chatsekedwa. Matenda awiriwa akakumana, mwana amawerenga mbamu, amapukuta mafuta pa ndiwo, ndipo sadya ngati wina wakhudza mbale yake.

Nanga tiyambe kuchiza ati? Madokotala amayamba ndi thupi, chifukwa njala payokha imasokoneza maganizo. Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota ku America, amuna 36 athanzi anadzipereka kuti ayesedwe, ndipo kwa miyezi pafupifupi 6 ankadya theka la chakudya chawo. Anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku, kusonkhanitsa mabuku a zophikaphika, kudya kambale kamodzi kwa nthawi yaitali. Choncho zina zimene tikuona mwa mwana wathu zimachepa thupi likabwerera. Zimene zatsala, makamaka zosakhudza chakudya, ndiye OCD yeniyeni. Ngakhale mankhwala monga fluoxetine, amene amathandiza OCD, sagwira bwino ntchito m'thupi lowonda kwambiri.

Apa tisamale. Mwana amene wakhala nthawi yaitali osadya sitimukhutitsa tsiku limodzi. Chakudya chambiri mwadzidzidzi chimatsitsa mchere wina wa m'magazi wotchedwa phosphate, ndipo mtima ungathe kuima. Chakudya chiwonjezedwe pang'onopang'ono, achipatala akuyang'anira. Yambirani ku kiliniki ya pafupi, mupemphe kalata yopita ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis ku Katete ngati muli mbali imeneyo. Pakafunika akatswiri a matenda a maganizo, ku Lusaka kuli chipatala cha Chainama Hills.

Kwa achinyamata, njira imene yaonetsa zipatso inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London: makolo ndiwo amatenga udindo wa chakudya, amakhala ndi mwana mpaka atamaliza, osamukalipira, osakambirana naye za kuchuluka kwake. Mphamvu zikabwerera, mlangizi amayamba kulimbana ndi OCD. Mwana amakhudza dala chimene amaopa, monga chogwirira chitseko, n'kukhala osasamba m'manja kufikira mantha atatsika okha. Amayamba ndi zosavuta.

Pamenepa ndi pamene ife amayi timalakwa chifukwa cha chikondi. Timamugulira sopo wakewake, timamuphikira ndiwo zopanda mafuta, timamuyankha kakhumi kuti mbale ndi yoyera. Amakhazikika kwa kanthawi, koma matenda amakula. Tizisiye pang'onopang'ono, motsata malangizo a mlangizi. Ndiponso mpingo ukalengeza kusala kudya, mwana wotere asasale nawo, ngakhale atachonderera. Akakomoka, akakana ngakhale madzi, kapena akalankhula za kudzipha, musadikire tsiku limene anakupatsani ku kiliniki: pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.