Ufulu wa Mabanja Ovutika ndi Ochokera Kunja Polandira Thandizo la Boma ku Ntcheu

Boma la Ntcheu, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 650,000, lili ndi malire aatali ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique, ndipo m'malo ngati Lizulu, Biriwiri ndi Tsangano malirewo amadutsa pakati pa anthu olankhula chinenero chimodzi, omwe akhala akukwatirana ndi kuikana maliro kuyambira kalekale. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, inathamangitsira m'Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri mwa amene anafikira ku Ntcheu anakhala m'midzi pamodzi ndi eni nthaka. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma ena anatsala, nakwatira kapena kukwatiwa, nabereka ana omwe lero ndi makolo. Palinso Amalawi obwerera kuchokera ku South Africa, ena othawa zipolowe zodana ndi alendo ngati za mu 2008 ndi 2015, ena othamangitsidwa kudzera ku malo osungirako anthu a Lindela, omwe amafika kumudzi chimanjamanja. Mabanja amenewa, pamodzi ndi a agogo olera ana amasiye, ndiwo amabwezedwa kawirikawiri pakhomo la ofesi, ndipo nthawi zambiri amabwezedwa ndi mawu apakamwa omwe sapezeka m'lamulo lililonse.

Thandizo lomwe lilipo

Ndondomeko yaikulu ndi Mtukula Pakhomo, yomwe ndi ndalama zoperekedwa ndi boma kwa mabanja ovutikitsitsa popanda kubweza. Inayamba moyesa ku Mchinji mu 2006, inafika m'maboma onse 28 pofika 2018, ndipo ku Ntcheu ndi ku Balaka yakhala ikuthandizidwa ndi ndalama za boma la Ireland. Cholinga chake ndi kufikira mabanja 10 pa 100 alionse, ndipo banja limayenera pokhapokha likakwaniritsa zinthu ziwiri pamodzi: likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda munthu wa zaka za pakati pa 19 ndi 64 wotha kugwira ntchito, kapena munthu mmodzi wamphamvu akhale akusamalira anthu oposa atatu. Ndalamazo zimakula molingana ndi kukula kwa banja, ndipo pamawonjezeredwa zina pa mwana aliyense wa pasukulu. Banja losauka lomwe lili ndi anthu amphamvu lingathe kulowa mu ntchito zachitukuko zolipidwa, pomwe chimanga cha m'nyengo ya njala chimadzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nkhani za ana amasiye, nkhanza ndi fizi ya ana osowa zimakasiyidwa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya khonsolo.

Sikoyenera kunamiza munthu kuti aliyense wosauka adzalandira, chifukwa malo ndi ochepa kuposa ovutika. Chimene banja lililonse lili nacho ufulu ndi kuyesedwa mwachilungamo. Maina amachokera mu kaundula wa mabanja, yemwe ndi mndandanda wa boma wofotokoza za anthu a m'nyumba iliyonse, katundu wawo ndi mmene amapezera chakudya, ndipo mndandanda wa osankhidwa umayenera kutsimikizidwa pa msonkhano wa mudzi, poyera. Banja lomwe silinalembedwe mu kaundulayu silingasankhidwe ngakhale litagona ndi njala masiku angati, choncho wobwerera kuchokera kunja apite kwa anyakwawa ndi kwa komiti ya m'mudzi sabata yoyamba yomwe, osadikira kuti njala ifike.

Chiphaso cha unzika

Pa mfundo iyi ndi pomwe mabanja ambiri a m'malire amagwera. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa ndi nthambi ya kalembera ya National Registration Bureau, yodziwika kuti NRB, motsatira lamulo la kalembera la 2010, kwa nzika iliyonse ya zaka 16 kapena kuposerapo, ndipo kuyambira pa kalembera wamkulu wa 2017 chasanduka khomo la pafupifupi chilichonse: kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti ku banki, kugula feteleza wotsika mtengo ndi kulandira ndalama za boma. Wopanda chiphaso amaoneka ndi maso pamudzi koma m'makompyuta a boma mulibe dzina lake.

Lamulo la unzika la 1966 likunena momveka kuti munthu wobadwira m'Malawi pambuyo pa 5 July 1966 ndi nzika ngati mmodzi mwa makolo ake ndi nzika ya Malawi. Mawu oti mmodzi ndiwo mutu wa nkhani, chifukwa lamulo silifuna makolo onse awiri, ndiponso silinena kuti akhale bambo. Mwana wobadwira kwa Mpando kapena kwa Njolomole, mayi ake Mmalawi, bambo ake ochokera ku Angónia, ndi Mmalawi kuyambira tsiku lomwe anabadwa. Chimodzimodzinso mwana wobadwira ku Johannesburg, ngati mayi kapena bambo ake ndi Mmalawi mwa kubadwa. Mmalawi mwa kubadwa amene wakhala zaka zambiri ku Joni sataya unzika chifukwa cha kukhalitsako, ndipo kuyambira pomwe lamuloli linasinthidwa mu 2019 Mmalawi amaloledwa kukhala ndi unzika wa maiko awiri. Ngakhale zili choncho, anthu amauzidwabe kuti "inu ndinu a ku Mozambique" chifukwa cha dzina lachipwitikizi, kalankhulidwe, kapena chifukwa choti mudzi wawo wayandikana ndi malire. Dzina ndi kalankhulidwe si umboni wa unzika, ndipo ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko imaletsa kusala munthu chifukwa cha chinenero, mtundu kapena komwe makolo ake anachokera. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuti munthu wobadwira pamudzi, yemwe manda a amayi ake ali pamudzi pomwepo, azipemphedwa kutsimikiza kuti ndi wa dziko lino kwa kalaliki amene sanawerenge n'komwe ndimeyo.

Wofuna chiphaso atenge umboni wonse womwe angaupeze: kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo, chiphaso cha kholo lomwe ndi Mmalawi, mboni zomwe zili kale ndi ziphaso, khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo ndi mapepala a sukulu. Mwana aliyense wobadwira m'Malawi ayenera kulembetsedwa kudzera pa fomu ya NR8, kuchipatala kapena kudzera kwa amfumu, posatengera komwe makolo ake anachokera, ngakhale kuti chikalata cha kubadwa pachokha sichipereka unzika.

Kholo lomwe ndi mlendo weniweni liyenera kudziwa kuti ukwati pawokha susandutsa munthu nzika, ndipo njira yake ndi yopita ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kukapempha chilolezo chokhalira kapena unzika. Njirayi ndi yaitali ndiponso yodula, koma kugula chiphaso mwachinyengo ndi mlandu, ndipo bodza likaululika limaika pachiswe ngakhale mapepala a ana omwe anali olondola. Kusowa mapepala kwa kholo limodzi si chifukwa chofufutira nyumba yonse, pakuti mkazi kapena mwana wamkulu yemwe ali ndi chiphaso angathe kuimira banjalo. Opempha malo ngati othawa kwawo nkhani yawo ndi ina: imayendera lamulo la 1989, ndipo boma limafuna kuti azikhala ku msasa wa Dzaleka ku Dowa.

Ziphuphu, kuchedwa ndi mapepala osowa

Kulembedwa mu kaundula ndi kulowa mu Mtukula Pakhomo n'zaulere. Aliyense wopempha "kangachepe", "ya fanta", nkhuku kapena mbuzi kuti dzina lilowe, kaya ndi mfumu, membala wa komiti kapena wogwira ntchito m'boma, akuchita katangale, yemwe ndi mlandu pa lamulo la 1995, ndipo wopereka nayenso angathe kuzengedwa. Pomwe pali malipiro ovomerezeka, monga pobwezeretsa chiphaso chotayika, ndalama iperekedwe kwa wolandira ndalama wa ofesi ndipo lisiti la boma lituluke pomwepo. Wopempha amayi kuti agone naye kuti dzina lawo lisachotsedwe akanenezedwe ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Ndalama ya Mtukula Pakhomo ikalandiridwa ndi ya banjalo lonse lathunthu. Mwambo woti olandira azisonkha kuti "mudzi wonse ulaweko", kapena kuti amfumu alandire chothokoza, ukulanda chakudya m'kamwa mwa ana amasiye, ndipo palibe lamulo louikira kumbuyo. Chiphaso, khadi la banki ndi nambala yachinsinsi zisasiyidwe kwa wakatapila, kwa venda kapena kwa wachibale wodzipereka kukatengera ndalama agogo, chifukwa ambiri ataya thandizo la miyezi mwa njira imeneyi. Wosatha kuyenda alembetse womuimira kudzera ku komiti.

Mawu oti "mubwere mawa", "netiweki palibe" kapena "abwana achokapo" amadyera munthu wa ku Tsangano kapena ku Kasinje ndalama ya ulendo yomwe ikanagula ufa wa sabata. Choncho pepala lililonse lijambulidwe kapena lichitidwe fotokope lisanaperekedwe, loyambirira libwerere kunyumba, ndipo m'kope mulembedwe tsiku, dzina la wolandira ndi zomwe wanena. Fayilo ikasowa mu ofesi, kulakwa ndi kwa ofesiyo, ndipo wodandaula sayenera kubwerera kumapeto kwa mzere kapena kulipiranso.

Kodandaula

Ndime 43 ya malamulo aakulu imapatsa munthu aliyense, nzika ndi mlendo yemwe, ufulu woti nkhani yake iyendetsedwe mwachilungamo ndi ofesi ya boma, komanso woti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chakhudza ufulu wake. Wokanidwa chiphaso kapena wochotsedwa pa mndandanda apemphe mwaulemu, pamaso pa mboni, kuti chifukwa chake chilembedwe pa pepala ndi kusainidwa. Zifukwa zabodza sizilimba polemba, ndipo pepala losainidwa ndilo maziko a dandaulo. Dandaulo liyambire ku komiti yomva madandaulo ya m'dera, likalephereka lipite kwa mkulu woona za chisamaliro cha anthu kapena kwa bwanamkubwa ku boma. Nkhani za kuchedwetsa ndi kupondereza zimapita ku ofesi ya Ombudsman, za ziphuphu ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, za tsankho ku Malawi Human Rights Commission, ndipo wofuna loya koma wopanda ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Kalata ya dandaulo ingathe kulembedwa m'Chichewa, ikhale ndi tsiku, ndipo wodandaula asunge ina yofanana nayo yodindidwa ndi ofesi yomwe yalandira.