Ndalama zikalowa m'nyumba, amazigwira ndani?

Abwenzi, tiwerenge mosinthana, ndime imodziimodzi, ndipo tiziima paliponse pamene pali funso.

Chiphunzitso chakuti amuna ndi akazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu timachidziwa tonse. 'Abdu'l-Bahá anayerekeza mtundu wa anthu ndi mbalame ya mapiko awiri, phiko lina amuna, lina akazi, ndipo mbalameyo singauluke phiko limodzi likakhala lofooka. Pa Phwando kapena m'kalasi ya ana fanizoli silivuta kulinena. Limadzavuta tsiku limene ndalama za fodya zatuluka, malipiro alowa pafoni, kapena mbuzi yagulitsidwa, ndiye mayi akufunsa kuti zatsala zingati. M'phunziro lino tiona zimene akatswiri a zachuma apeza atafufuza nkhani imeneyi m'mayiko osauka, chifukwa chikhulupiriro chathu chimatiuza kuti sayansi ndi chipembedzo ziyenera kuyendera limodzi.

Thumba limodzi kapena awiri?

Kwa zaka zambiri akatswiri a zachuma ankawerengera banja ngati munthu mmodzi wa thumba limodzi. Ankati kwacha ikalowa pakhomo igwira ntchito yomweyo, kaya yabwera ndi bambo kaya ndi mayi. Mu 1990 Duncan Thomas anayesa ganizoli pogwiritsa ntchito kalembera wa mabanja a ku Brazil. Anaona ndalama zimene munthu amalandira popanda kuzigwirira ntchito tsiku ndi tsiku, monga penshoni ndi lendi, ndipo anapeza kuti zikakhala m'manja mwa mayi zimathandiza mwana kukhala ndi moyo kuwirikiza pafupifupi ka 20 poyerekeza ndi zikakhala m'manja mwa bambo.

Ku South Africa kunapezeka mwayi wina woyesera. Ulamuliro watsankho uli kumapeto, boma linakweza penshoni ya okalamba achikuda mpaka inafanana ndi ya azungu mu 1993. Amayi ankayamba kulandira ali ndi zaka 60, abambo 65, ndipo kwa mabanja akumidzi zinali ndalama zochuluka ndithu. Esther Duflo, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anayerekeza ana a m'nyumba zosiyanasiyana. Kumene wolandira anali agogo aakazi, zidzukulu zazikazi zinanenepa ndi kukula bwino. Kumene wolandira anali agogo aamuna, kusintha koteroko sikunaoneke. Zopeza ngati izi ndi zimene zinachititsa maboma ambiri kumapereka thandizo la ndalama kwa amayi, monga mmene Mexico inachitira ndi ndondomeko yake ya Progresa kuyambira mu 1997.

Apa tisafulumire kunena kuti amayi ndi angelo ndipo abambo ndi owononga. Kafukufuku wa Nava Ashraf ku Philippines, amene anatuluka mu 2009, amatiletsa kutero. M'dzikolo ndi mwambo kuti mkazi ndiye amasunga ndalama za banja. Ashraf anaitana mabanja, n'kupatsa mwamuna ndi mkazi aliyense ndalama zake kuti asankhe kozipititsa. Amuna atadziwa kuti akazi awo sadziwa, ambiri anaziika ku akaunti yawoyawo. Atadziwa kuti akazi awo aona koma osalankhulana, ambiri anasankha kuzithera pa zinthu zawo mwamsanga. Atauzidwa kuti ayambe akambirana kaye, ambiri anaziika ku akaunti ya mkazi. Chochititsa chidwi n'chakuti m'mabanja mmene mwamuna ndiye ankasunga ndalama, akazi anachita chimodzimodzi ngati amuna aja: anabisa. Wobisa anali uja amene alibe mawu pa thumba la banja, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi.

Ife izi sizitidabwitsa kwenikweni. Timadziwa za ndalama yomangidwa pamfundo ya chitenje, ndi ya pafoni imene uthenga wake umafufutidwa munthu asanafike pakhomo.

Funso: M'mabanja a kwathu kuno, ndi zifukwa ziti zimene zimachititsa mwamuna kapena mkazi kubisa ndalama? Ndi ziti mwa zifukwazo zimene zimachokera ku mantha, ndipo ndi ziti zochokera ku dyera? Tikambirane popanda kutchula banja la munthu.

Munda ndi mpamba

Kusagawana bwino kumaluzitsa banja lonse, ndipo zimenezi zinayezedwa. Ku Burkina Faso mwamuna ndi mkazi a nyumba imodzi amakhala ndi minda yawoyawo. Christopher Udry mu 1996 anayerekeza minda ya banja limodzi, yodzalidwa mbewu imodzi, chaka chimodzi. Minda ya akazi inkakolola mochepa ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse. Chifukwa chake sichinali ulesi kapena kusadziwa ulimi. Manyowa ndi feteleza pafupifupi zonse zinkapita kumunda wa mwamuna, ndipo anthu apabanja ankathera nthawi yambiri akulima kumeneko. Mlimi aliyense amadziwa kuti thumba loyamba la feteleza limasintha munda kwambiri kuposa lachisanu pamalo omwewo. Udry anawerengera kuti mabanjawo akanangogawa bwino zimene anali nazo kale, zokolola zikanakwera ndi pafupifupi 6 pa 100 iliyonse, popanda ngongole, popanda thandizo lakunja. Wina anganene kuti 6 ndi nambala yaing'ono. Kwa banja limene chimanga chimatha mu Januwale, ndi masiku angapo a nsima.

Nkhani ya mpamba wa geni ndi imene tiyenera kuimvetsa bwino, chifukwa poyamba inaoneka ngati ikutsutsa zonse. Ku Sri Lanka ofufuza atatu, Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff, anapereka ndalama ndi zipangizo kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono osankhidwa mwa maere. Mabizinesi a amuna anapindula kwambiri. A akazi sanasinthe n'komwe. Ku Ghana kunapezekanso zofanana pamene thandizo linaperekedwa ngati ndalama zapamanja. Anthu ena anayamba kunena kuti mwina akazi sadziwa kuyendetsa bizinesi, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama kwa amayi akungotaya nthawi.

Mu 2019 Arielle Bernhardt, Erica Field, Rohini Pande ndi Natalia Rigol anatenganso manambala a ku India, Sri Lanka ndi Ghana, n'kufunsa funso limene linali lisanafunsidwe: kodi m'nyumba mwa mayiyu muli bizinesi inanso? Anapeza kuti kumene mayi anali yekha wochita geni, mpamba unamupindulira. Kumene mwamuna nayenso anali ndi bizinesi, geni ya mayi sinakule, koma ndalama za nyumba yonse zinakwera. Mpamba uja unkadutsa m'manja mwa mkazi n'kukathera m'bizinesi ya mwamuna.

Kodi zimenezi n'zoipa? Nthawi zina ayi. Ngati awiriwo anakhala pansi n'kuona kuti okala ya bambo ibweza phindu loposa mandasi a mayi, ndiye kuti anaganiza bwino. Koma manambala sangatiuze ngati anakhaladi pansi. Pepala la ofufuza limaoneka chimodzimodzi kaya mayi anavomera ndi mtima wonse, kaya analandidwa atangofika kuchokera ku banki mkhonde. Ndipo tsiku lobweza likafika, dzina limene lili m'buku la gulu ndi la mayi, manyazi ndi ake, ndipo ndowa kapena mbale zimene gulu lingalande ndi zake. Pamenepa sayansi yafika pamalire ake, ndipo pakufunika chimene Bahá'u'lláh anatipatsa, kukambirana. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inalongosola mu 1980 kuti m'banja, momwe anthu ndi awiri ndipo sangavote, pali nthawi imene mkazi ayenera kulolera maganizo a mwamuna ndi nthawi imene mwamuna ayenera kulolera a mkazi, koma wina asapondereze mnzake. Kukambirana kotere sikutheka ngati mmodzi sakudziwa kuti ndalama zilipo zingati.

Funso: Tingasiyanitse bwanji kuvomera kwenikweni ndi kungokhala chete chifukwa chosafuna ndewu? Mawu akuti mwamuna ndi mutu wa banja timawamva bwanji tikawaika pambali pa fanizo la mapiko awiri?

Pampando wa utsogoleri

Zimene zimachitika m'nyumba zimachitikanso m'makomiti ndi m'makampani. Dziko la India linasintha malamulo ake aakulu mu 1993 kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya atsogoleri a makhonsolo a m'midzi likhale la amayi. Midzi yake inkasankhidwa mwa maere, ndiye zinali zosavuta kuyerekeza. Raghabendra Chattopadhyay ndi Duflo anafufuza m'madera a West Bengal ndi Rajasthan ndipo anapeza kuti makhonsolo otsogozedwa ndi amayi ankaika ndalama zambiri pa madzi akumwa, nkhani imene amayi a m'midzimo ankaidandaula kawirikawiri. Kafukufuku wotsatira, wa Lori Beaman ndi anzake mu 2012, anaonetsa kuti m'midzi imene inakhala ndi mtsogoleri wamkazi kawiri, makolo anayamba kufunira ana awo aakazi maphunziro apamwamba, ndipo kusiyana kwa anyamata ndi atsikana pa sukulu kunatha. Kamodzi sikanali kokwanira. Maso a anthu amazolowera pang'onopang'ono.

M'makampani nkhani yake ili ndi phunziro lina. Kampani yaikulu imakhala ndi bungwe la madairekitala loyang'anira mabwana m'malo mwa eni masheya. Norway ndiyo inayamba mu 2003 kulamula kuti 40 pa 100 iliyonse ya mipandoyi ikhale ya amayi. India inatsatira ndi lamulo la makampani la 2013, lakuti kampani iliyonse ya pamsika wa masheya ikhale ndi mayi mmodzi kapena kuposerapo. Tsiku lomaliza litayandikira mu 2015, makampani ambiri anangoika mkazi, mwana kapena mlongo wa mwini kampani. Lamulo linakwaniritsidwa, koma mayi woteroyo angafunse bwanji bambo ake kapena mwamuna wake za ndalama zosoweka? Oyang'anira msika wa masheya anachita kuwonjezera kuti makampani 500 akuluakulu akhale ndi dairekitala wamkazi wosakhala wachibale kapena wantchito wa eni ake pofika mu 2019. Kuno kwathu lamulo la 2013 la kufanana kwa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 iliyonse. Lamulo limatsegula chitseko, koma silingamukakamize wapampando kumvetsera.

Tisanaloze makampani a kutali, tione pakhomo pathu. Bungwe Lauzimu la m'dera timalisankha chaka chilichonse pa Ridván, anthu 9, mwachinsinsi, popanda kutchula maina kapena kuchita kampeni, ndipo mkazi ali ndi mwayi wofanana ndi mwamuna. Dongosololi ndi labwino, koma ovota ndife, ndipo timabwera ndi zizolowezi zathu. M'makomiti ambiri a m'mudzi, a sukulu, a mjigo, a tchalitchi, mayi amasankhidwa kukhala msungichuma chifukwa anthu amati amayi saba. Ndi ulemu ndithu, koma nthawi zambiri amasunga ndalama zimene ena ndiwo amalamula kopita. Kusunga bokosi ndi kwina, kukhala ndi mawu pa bokosilo ndi kwinanso. Lipoti la msungichuma pa Phwando la masiku 19 ndi malo amene gulu lathu limaphunzirira kulankhula za ndalama poyera, mopanda manyazi ndi mopanda kukayikirana, ndipo ana athu amakhala akumvetsera.

Nyumba ya Chilungamo, m'kalata yake ya pa 1 Malichi 2017 yonena za chuma, inatikumbutsa kuti zimene munthu aliyense amasankha pa kapezedwe ndi kagwiritsidwe ka ndalama zimakhudza ena, ndi kuti ubwino wa gawo limodzi la anthu ndi womangika ku ubwino wa onse. Zolembedwa zathu zimanenanso kuti banja likalephera kuphunzitsa ana onse, ayambe ndi atsikana, chifukwa iwo ndiwo adzakhale aphunzitsi oyamba a mbadwo wotsatira. Fizi ikakhala yokwanira mwana mmodzi yekha, chiphunzitsochi chimakhala nkhani ya thumba, ndipo amene ali ndi mawu pa thumbalo ndiye amasankha.

Mafunso otsiriza, amene tingawagawane m'magulu a anthu atatu kapena anayi: Pa misonkhano ya m'dera lathu, ndani amayamba kulankhula nkhani ya ndalama ikafika, ndipo ndani amene sitinamvepo maganizo ake? Achinyamata a m'gulu lathu amene akukonzekera banja tingawathandize bwanji kuti ayambe kukambirana za ngongole, thandizo lopita kwa achibale ndi chopereka cha ku Thumba asanalowe m'nyumba imodzi? Amene ali m'banki mkhonde atifotokozere malamulo a gulu lawo pa nkhani ya mayi amene ngongole yake yadyedwa ndi wina, ndipo mlembi wathu alembe zimene tagwirizana kuti tidzayambire pamenepo sabata yamawa.