Foni ya Malaini Awiri: Kusintha Kampani Osataya Nambala Kapena Ndalama

Kwa alimi, atsogoleri a makalabu, a banki m'khonde ndi onse ochita malonda ang'onoang'ono

Anthu ambiri amasintha laini mtima uli m'mwamba. Mayunitsi atha msanga, netiweki yavuta sabata yathunthu, kapena mnzawo wawanong'oneza kuti uko kuli mabandulo otchipa. Pomwepo amazula simukhadi yakale, n'kuiponya pawindo, n'kukagula ina. Pakatha masabata angapo m'pamene zimadziwika kuti wogula soya wakhala akuimba pa nambala yakale ija, ndipo mwana wa ku Joni anatumiza ndalama komweko. Kapepala kano kakufotokoza za chipangizo chothandiza kupewa zotere: foni yolowa masimukhadi awiri. Langizo lathu lalikulu ndi lakuti laini yatsopano ilowe yakale isanatuluke, monga momwe mlimi sagwetsera nkhokwe yakale asanamange ina.

Chipangizochi n'chotani?

Ndi foni wamba, kungoti ili ndi malo awiri olowetsamo simukhadi. Pa timafoni ta mabatani, monga ta itel ndi Tecno, malowa ali kunsi kwa batire ndipo analemba SIM1 ndi SIM2. Pa foni ya tachi nthawi zambiri pamakhala kathireyi m'mbali kotsegula ndi kachitsulo kosongoka. Malaini onse awiri amadikira nthawi imodzi, choncho aliyense angakupezeni pa nambala imene ali nayo. Poimba kapena potumiza uthenga, foni imakufunsani laini yoti mugwiritse ntchito.

Pali zingapo zoti mudziwiretu. Mukamalankhula pa laini imodzi, pa mafoni ambiri inayo imakhala ngati yazima, ndipo woimba amauzidwa kuti simukupezeka. Intaneti imayenda pa laini imodzi yokha, imene mwaisankha. Ambiri amagula bandulo pa SIM2 foni ikutenga intaneti pa SIM1, mayunitsi n'kuthera pomwepo. Batire nalo limatha msanga ngati laini ina ilibe netiweki, chifukwa foni imangokhalira kusaka nsanja. Ngati mumatchajitsa molipira pa sola ya kumsika, zimitsani laini yosagwirayo mpaka mutafika pomwe imagwira.

Pogula foni, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito kapena yochokera kunja, ikanimo masimukhadi a makampani onse awiri, TNM ndi Airtel, wogulitsa ali pomwepo. Mafoni ena a ku South Africa ndi ku Britain anatsekedwa kuti azilandira kampani imodzi yokha. Imbaninso *#06#: patuluka manambala aatali, awiri pa foni ya malaini awiri, omwe ndi chizindikiro cha foniyo. Alembeni m'kope, adzakuthandizani kupolisi ikabedwa. Masimukhadi alipo a misinkhu itatu, ndipo atsopano amabwera odulira kale moti mumangothyola msinkhu wokwana pa foni yanu. Musadule ndi lezala.

Mtengo supita ndi mtunda

Akuluakulu amene anagwiritsapo ntchito lamya za pansi akukumbuka kuti kuimba kutali kunali kodula kuposa kuimba mumzinda momwemo. Nambala ya lamya ya pansi ya kampani ya MTL yoyamba ndi 01 imaulula komwe ili: 01 7 ndi Lilongwe, 01 3 ndi ku Mzuzu, 01 5 ndi cha ku Zomba, pamene 01 8 ndi 01 6 ndi Blantyre. Maganizo amenewo anatsalira mwa ena, moti mpaka lero alipo agogo ofulumira kudula foni ati poti mdzukulu ali kutali ku Karonga.

Pa foni ya m'manja sizili choncho. Munthu wa ku Nsanje akaimbira wa ku Chitipa amalipira chimodzimodzi ndi poimbira mnzake wa kuseri kwa nyumba, bola onse ali pa kampani imodzi. Chimene chimasintha mtengo si boma kapena chigawo ayi, ndi kampani. Ndipo kampaniyo mumaidziwira pa manambala oyambirira: 088 ndi TNM, 099 ndi 098 ndi Airtel. TNM inayamba mu 1995. Airtel inabwera mu 1999 ikutchedwa Celtel, mu 2008 inasanduka Zain, kenaka mu 2010 n'kutenga dzina la lero. Mu 2009 manambala anatalikitsidwa kufika pa khumi, pamene 08 inakhala 0888 ndipo 09 inakhala 0999. N'chifukwa chake amene anayamba kale kukhala ndi foni ambiri ali ndi manambala oyamba choncho, ndipo nambala yotero, yodziwika kwa anthu zaka zonsezi, si yotaya chisawawa.

Pa kusiyana kwa makampaniku m'pamene ndalama zimathera. Mabandulo ambiri a mphindi zoimbira amagwira pakati pa malaini a kampani yomweyo. Mukaimbira wa kampani ina, mphindizo sizikhudzidwa, foni imadya mayunitsi, ndiye munthu amadabwa kuti bandulo ikadalipo koma mayunitsi palibe. Alipo mabandulo oimbira makampani onse, koma werengani bwino musanavomereze, ndipo onani masiku ake: ya tsiku limodzi imatha ngakhale musanaigwiritse ntchito. Mitengo imasinthasintha, choncho funsani ya lero kwa ejenti kapena kusitolo ya kampani, osadalira zomwe munamva chaka chatha.

Musanaganize zosamuka, tengani kope mulembe anthu khumi kapena makumi awiri amene mumawaimbira kawirikawiri: a kumpanda, ana, wogula mbewu zanu, alangizi a zaulimi, wakabaza amene amakunyamulirani katundu, mlembi wa kalabu. Yang'anani manambala awo oyambirira. Ngati ambiri ali pa 088, kusamukira ku 099 kukuonjezerani ndalama ngakhale mabandulo akumeneko atatchipa bwanji, chimodzimodzinso mbali inayo. Ngati agawikana pakati, foni ya malaini awiri ndiyo yankho lanu: wa TNM muzimuimbira ndi TNM, wa Airtel ndi Airtel.

Nsanja ndiyo imalamula

Kutchipa kulibe phindu pamalo pomwe foni sigwira. Netiweki imachokera pa nsanja, ndipo phiri, chigwa ngakhale khoma lochindikala zimaitchinga. Wolengeza pa wailesi sadziwa za phiri lili kuseri kwa mudzi wanu. Bwerekani foni ya mnzanu wa kampani imene mukuifunayo, muyese m'nyumba momwe mumagona, kudimba, kumsika ndi pamalo pomwe kalabu imakumana. Yesani masana, yesaninso madzulo pamene anthu ambiri ali pa foni. Muone ngati pali ejenti wa kampaniyo pafupi amene amakhala ndi ndalama zokwanira tsiku la msika.

A m'malire, tcherani khutu

Gawo ili likukhudza kwambiri anthu a ku Mchinji, Dedza, Lizulu, Tsangano, Mwanza, Muloza, Chiponde ndi Songwe. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo pomwe msewu wa M1 ndiwo malire enieni: mbali ino Malawi, tsidya la msewu Mozambique. Mphepo ya netiweki sidziwa malire. Foni ikaona kuti nsanja ya kwathu yafooka, ingathe kudzigwirira yokha nsanja ya Vodacom kapena Movitel ya ku Mozambique, kapena ya MTN ya ku Zambia, inu muli pakhonde panu. Ngati laini yanu ndi yololedwa kugwira kunja, kampani imakuwerengerani ngati mwatuluka m'dziko. Kuimba kumadula, kulandira foni nakonso kungathe kudya mayunitsi, ndipo mabandulo wamba a kuno nthawi zambiri sagwira.

Chizindikiro chake chili pagalasi la foni. Yang'anani dzina la kampani lolembedwa pamwamba. Likasintha, kapena pakaoneka chilembo cha R pafupi ndi timizere ta netiweki, dziwani kuti mwagwira ya tsidya. Lowani pomwe pali Settings, mupeze posankhira netiweki, muchotse pa Automatic n'kuika pa Manual, kenaka musankhe kampani yanu. Foni idzasiya kudumphira kwina. Ngati izi zikukuvutani, pemphani wachinyamata wodziwa kapena ejenti akuchitireni inu mukuona, foni ili m'manja mwanu.

Kwa amene amaoloka kawirikawiri kukagula mbatata ya kachewere ku Angónia kapena kukagulitsa katundu ku Chipata, njira yotchipa ndi kulembetsa simukhadi ya dzikolo n'kuiika pa SIM2. Mukaoloka muziimbira a komweko ndi laini ya komweko.

Dziko lililonse lili ndi nambala yake yoyambira. Malawi ndi +265, Zambia +260, Mozambique +258, Zimbabwe +263, Tanzania +255, South Africa +27, Britain +44. Lamulo lake ndi losavuta: kwa mayiko amene nambala zawo zimayamba ndi 0, chotsani 0 ameneyo n'kuika nambala ya dziko. Nambala yoyamba ndi 0888 imakhala +265 888, ya 0999 imakhala +265 999. Tikulangiza kuti manambala onse muziwasunga chomwechi. Mukaimba muli kuno mtengo susintha, ndipo mukapita kunja amagwirabe osafunika kuwalembanso. Kumbukirani kuti kuimbira nambala ya kunja n'kodula ngakhale mwini wake ali tsidya la mtsinje pomwe mukumuona.

Kagulidwe ka laini yatsopano

Pitani nokha ndi chiphaso chanu cha unzika. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira zofalitsa mauthenga, linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Musagule simukhadi yolembetsa kale yogulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo musalembetse m'dzina la mlamu wanu poopa mtunda. Tsiku limene foni idzatayike, kampani idzabwezera nambalayo kwa amene dzina lake lili m'kaundula, ndipo ndalama zili m'menemo zidzaonedwa ngati zake. Amayi ena a banki m'khonde amasunga ndalama pa laini yolembetsedwa m'dzina la amuna awo. Banja likasokonekera kapena bambo akamwalira, kuzipeza kumakhala kovuta. Nkhani imeneyi ikonzeni lero. Chimodzimodzinso musabwereke chiphaso chanu kuti wina alembetsere laini yake, chifukwa akaba nayo, dzina lotuluka ndi lanu.

Kapulasitiki komwe mwathyolapo simukhadi musataye. Pa kapulasitikiko pali nambala ya PUK. Mukalakwitsa pini ya simukhadi katatu imatsekeka, ndipo chotsegulira ndi PUK. Mukalakwitsa PUK kakhumi, simukhadi yafa.

Zimene sizisamuka nanu

Anzathu a ku South Africa, kuyambira mu 2006, amatha kuchoka ku Vodacom kupita ku MTN atanyamula nambala yawo. Kuno mukagula simukhadi ya kampani ina mumalandira nambala yatsopano, ndipo zonse zomangika pa yakale zimatsala komweko. Mayunitsi ndi mabandulo otsala sasamuka, ndiye amalizeni. Ngongole ya mayunitsi ya Kutapa kapena Pasavute bwezani. Ndalama za pa Airtel Money, zomwe mumaziona poimba *211#, sizipita zokha ku Mpamba wa pa *444#. Mukhoza kutumiza kuchoka uku kupita uko, kapena kutapa kwa ejenti n'kukaika kwinako, koma njira zonsezi zili ndi malipiro, funsani musanasankhe. Manambala a anzanu amene munawasunga mu simukhadi akopereni mufoni.

Kenaka dziwitsani onse amene amakutumizirani ndalama kapena uthenga wofunika. Kubanki mudzafunika kupita nokha ndi chiphaso. Uzani kalabu, alangizi, kampani imene munachita nayo mgwirizano wa mbewu, kusukulu kwa ana, komanso a komiti ngati mumalandira Mtukula Pakhomo kudzera pa foni. Pa WhatsApp pali malo osinthira nambala amene amasamutsa magulu anu onse. Pa Facebook naponso ikani nambala yatsopano, chifukwa mukadzaiwala mawu achinsinsi uthenga wotsegulira udzapita ku yakale.

Podziwitsa abale, imbani ndi nambala yakale kuti amve mawu anu. Uthenga wolemba wakuti mwasintha nambala ndi womwewo umene akuba amatumiza, kenaka n'kutsatiza wina wouza munthu kuti ndalama ija aitumize pa nambala yatsopano. Inunso mukalandira uthenga wotero, imbirani mwini wake pa nambala imene mumaidziwa musanatumize kanthu. Wogwira ntchito kukampani weniweni safunsa pini yanu.

Chomaliza n'chimene ambiri sachidziwa. Laini ikakhala miyezi osagwira ntchito, kampani imaitseka, ndipo pakapita nthawi nambalayo imaperekedwa kwa munthu wina. Mlendoyo ndiye azilandira mauthenga anu akubanki ndi ndalama zotumizidwa ndi wachibale amene sanamve kuti munasamuka. Choncho simukhadi yakale ikhale mufoni nyengo yonse ya malonda, kuchokera pokolola mpaka mutalandira malipiro omaliza. Muziithira mayunitsi pang'ono ndi kuimbirapo mwezi uliwonse. Mukaona kuti palibenso amene akukupezerani kumeneko, tapani ndalama zonse, ndipo m'pamene mungaisiye.

Mukakhala ndi dandaulo, yambani mwakalipereka kusitolo ya kampani yanu, mutenge chiphaso ndipo musafufute mauthenga okhudza nkhaniyo. Akalephera kukuthandizani, MACRA imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni. Inu alembi a makalabu, pamsonkhano ukubwerawu tsegulani tsamba latsopano m'buku lanu, mulembe manambala onse awiri a membala aliyense ndi dzina limene laini iliyonse inalembetsedwa, ndipo amene laini yake ili m'dzina la wina mumulimbikitse akasinthitse malonda a mbewu asanayambe.